Phunziro: Singano Imodzi, Anthu Awiri

Kuwerenga: Luka 10:25-37

Amayi anzathu mwa Ambuye, tikamva za mankhwala ozunguza bongo timaganiza za chamba basi. Koma alipo ena, monga heroin, amene munthu amasungunula n'kubaya mumtsempha. Ana athu a ku Nsaru, Kabudula kapena Mpingu akapita ku Johannesburg kukasaka maganyu angakumane nawo, pakuti nyaope wa m'makomboni a ku South Africa amakhala ndi heroin.

Kupeza mtsempha n'kovuta. Ife amene tinagwirapo unamwino tikudziwa. N'chifukwa chake wongoyamba kumene amapempha mnzake kuti amubaye, ndipo atsikana kawirikawiri amabayidwa ndi zibwenzi zawo. Iwo amati n'kuthandizana. Koma wobayayo nthawi zambiri amayamba wadzibaya yekha, mnzakeyo n'kulandira singano yokhala kale ndi magazi. Wobayidwayo sasankha singano, sadziwanso mlingo umene walandira. Ukachuluka, mpweya umabanika, munthu n'kufa ngati wagona tulo. Singano ikaphonya mtsempha pamabuka chithupsa cha mafinya.

M'kadontho ka magazi kotsalira m'singanomo mumayenda HIV ndi matenda a chiwindi a Hepatitis B ndi C. Kachilombo ka Hepatitis B kamakhala ndi moyo kunja kwa thupi ngakhale masiku 7. Ana a ku Malawi anayamba kulandira katemera wake mu 2002, koma Hepatitis C alibe katemera, ngakhale amachizika ndi mapilitsi. Ku Dar es Salaam, mu 2005, ofufuza anapeza amayi ena osowa ndalama akubayana magazi a mnzawo amene wangodzibaya heroin. Umphawi ulibe chisoni!

Tisaloze kutali kokha. Jakisoni wa kuseri kwa golosale ndi lezala limodzi lotemera mphini banja lonse zili ndi ngozi yomweyo.

Tsono mwana akaulula, tisamupirikitse pakhomo, chifukwa adzabwerera kwa omubaya aja. Ngati wabayidwa ndi singano ya wina, tithamange naye kuchipatala, kaya ku St Gabriel's ku Namitete kaya ku Kabudula, maola 72 asanathe. Kuli mankhwala a PEP oteteza ku HIV, omwa masiku 28. Akayezetsenso chiwindi. Wokomoka timugoneke chammbali, tisamumwetse kanthu, tifune galimoto msanga.

Tikambirane m'magulu: Msamariya uja sanayambe wafunsa chimene munthu wovulalayo analakwa. Mwana wotere atabwerera m'mudzi mwathu, ndani pakati pathu angapite naye kuchipatala osaulutsa nkhani yake pachitsime?