Kagudumu ka Mano 11 Kamene Kanadzutsa Nissan ya Amalume

Sabata yatha aphunzitsi a Fizikisi atalemba mutu wa electromagnetic induction, wina kumbuyo anang'ung'udza kuti, "Koma zimenezi tidzadyapo chiyani?" Kalasi yonse inaseka. Ine sindinaseke nawo, chifukwa fizi yanga ya teremu ino yachokera pa mutu umenewu. Ndikufotokozereni, ndipo a Fomu 4 tengani cholembera, muli masamu m'katimu.

Vuto linali chiyani?

Amalume anga ndi makaniko, komanso ali ndi kagalimoto ka Nissan 1400, kaja kankapangidwa ku South Africa mpaka mu 2008. Kamanyamula tomato ndi kabichi kupita ku msika wa Lizulu, ndipo ndalama yake ndi imene imandilipirira sukulu. Pa holide yapitayi kanayamba kuvuta. M'mawa kosalira mpaka anyamata akakankhe, pachitunda kumangotsokomola, petulo kumamwa ngati thanki yabooka. Tsiku lina tomato anafika pamsika dzuwa lili pamutu, opikula atapita kale, moti anagulitsidwa motaya. Madzulo ake amalume anandiuza kuti, "Mphwanga, kagalimotoka kakafa, nawenso sukulu yathera pomwepo."

Matenda anali mu distributor, chipangizo chimene chimagawa moto ku mapulagi. M'kati mwake muli mapoyinti, tizitsulo tiwiri timene timagundana ndi kusiyana. Tikasiyana, magetsi amaduka mwadzidzidzi mu koilo, mphamvu ya maginito imagwa, ndipo mavolti 12 a batire amasanduka mavolti oposa 15,000 amene amathetheka pa pulagi. Ndi induction yomwe ija basi. Koma injini ya masilinda anayi ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi, mapoyinti amatsekuka ka 100 pa sekondi iliyonse. Amapsa, amaperepeseka, ndipo moto umayamba kubwera nthawi yolakwika. A amalume anali atasinthidwa kambirimbiri, koma nawo mtanda wa m'kati mwa distributor unali utayamba kugwedera.

Choyamba timvetse injini

Pisitoni imayenda maulendo anayi kuti itulutse mphamvu kamodzi. Imatsika kukoka mpweya ndi petulo, imakwera kuzipanikiza, imatsikanso chifukwa zayaka ndi kuikankha, kenako imakwera kutulutsa utsi. Pa maulendo anayiwa, crankshaft, chitsulo chimene mapisitoni amazunguza, imazungulira kawiri, omwe ndi madigiri 720. Koma camshaft, imene imatsegula ndi kutseka mavalavu, imazungulira kamodzi kokha, madigiri 360. Choncho liwiro la camshaft ndi theka la liwiro la crankshaft. Mfundo iyi isungeni pamtima, chifukwa ine inandichititsa manyazi.

Moto suyenera kudikira kuti pisitoni ifike pamwamba penipeni, pamene amakaniko amati TDC. Petulo amatenga kanthawi kuti ayake, nde moto umayenera kufika msanga pang'ono. Pa liwiro la 3,000, crankshaft imazungulira ka 50 pa sekondi, omwe ndi madigiri 18,000. Kuchedwa ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi ndi kuphonya madigiri 18. Moto ukachedwa, injini imafooka ndi kutentha. Ukafulumira kwambiri, imagogoda ndipo pisitoni ikhoza kuwonongeka.

Mankhwala ake

Msuweni wathu wa ku Joni anatumiza kabokosi ka kompyuta kotchedwa Speeduino. Anakayambitsa ndi Josh Stewart wa ku Australia, ndipo kamagwira ntchito pa Arduino Mega 2560. Kabokosika ndi kamene kamalamula koilo kuti iponye moto, m'malo mwa mapoyinti. Koma kalibe maso. Sikadziwa kuti pisitoni ili pati pokhapokha kauzidwe. Okauza ndi zinthu ziwiri: kagudumu kachitsulo ka mano, kamene amati trigger wheel, ndi sensa imene imamva dzino lililonse likamadutsa.

Mano akakhala ofanana onse, kabokosi kangadziwe liwiro lokha, osati malo. Nchifukwa chake dzino limodzi limachotsedwa. Mpata wautaliwo ukadutsa, kabokosi kamadziwa kuti apa nde poyambira, n'kuyamba kuwerenga: loyamba, lachiwiri, lachitatu. Magalimoto ambiri a Ford anali ndi gudumu la 36-1 pa crankshaft, kutanthauza malo a mano 36, dzino limodzi palibe, dzino lililonse madigiri 10. Ife tinasankha kaling'ono ka 12-1, ndipo tinakaika mu distributor yakale ija. Distributor imazunguzidwa ndi giya la pa camshaft, nde kagudumu kathu kamayenda pa liwiro la camshaft.

Masensa odziwika alipo a mitundu iwiri. Ya VR ili ndi maginito okulungidwa ndi waya. Dzino lachitsulo likamayandikira ndi kuchoka, mphamvu ya maginito imasintha ndipo mu waya mumabadwa magetsi, monga Michael Faraday anatulukira mu 1831. Vuto lake n'lakuti kagudumu kakamayenda pang'onopang'ono, magetsiwo amachepa. Ina ndi ya Hall, dzina lochokera kwa Edwin Hall amene anatulukira mfundo yake mu 1879. Iyi imafuna kupatsidwa magetsi, koma uthenga wake ndi womveka bwino ngakhale pa liwiro lochepa. Poti camshaft imayenda theka, ndipo vuto lathu linali kuliza m'mawa, tinatenga ya Hall.

Mmene tinachitira

1. Tinachotsa waya wa negetivi pa batire. Amalume amati amene amayamba ntchito ya magetsi batire lili lolumikiza ndi wofuna kugula zinthu kawiri.

2. Tinapeza TDC ya silinda yoyamba. Tinamasula pulagi, ine n'kutseka bowo ndi chala chachikulu, amalume akuzunguza injini ndi sipanala. Mpweya utayamba kukankha chala, tinadziwa kuti pisitoni ikukwera popanikiza, osati potulutsa utsi. Kenako tinalunjikitsa chizindikiro cha pa pule ndi 0.

3. Tinakhuthula distributor. Mapoyinti, kondensa, tizitsulo tolemera ndi masipuling'i ake, zonse kunja. Mtanda wake uli ndi mbali ziwiri zimene zimasewera, nde amalume anaziwotcherera kuti zikhale chimodzi, n'kuika bushi yatsopano kuti kugwedera kuthe.

4. Tinadula kagudumu. Apa seti yanga ya masamu inagwira ntchito. Ndinajambula ndi kampasi pa chitsulo, n'kugawa ndi protractor zigawo 12 za madigiri 30. Tinacheka, kupala ndi tupa, n'kuchotsa dzino limodzi, kutsala 11. Bowo lapakati linabooledwa pa makina kuti likhale pakatikati penipeni. Chitsulocho chiyenera kukhala chimene maginito amagwira. Aluminiyamu ayi.

5. Tinamanga sensa pa chitsulo chochindikala kuti isanjenjemere, n'kusiya mpata wa milimita imodzi pakati pa sensa ndi dzino. Tinazunguza kagudumu konse tikuyeza dzino lililonse ndi feeler gauge. Mpata ukakula sensa imaphonya mano, ukachepa mano amaikwapula.

6. Tinalumikiza mawaya atatu a sensa: wa magetsi, wa negetivi ndi wa uthenga. Tinawadutsitsa kutali ndi mawaya a mapulagi, chifukwa mavolti ambiri aja amasokoneza uthenga, kabokosi n'kumawerenga mano amene kulibe. Koilo yatsopano ili ndi mbali ziwiri: ina ya masilinda 1 ndi 4, ina ya 2 ndi 3, chifukwa mapisitoni amenewa amakwera awiriawiri. Ndondomeko yoyakira ndi 1-3-4-2.

7. Tinabwezera distributor n'kuona dzino limene sensa ikuyang'ana injini ili pa TDC. Linali lachitatu kuchokera pa mpata uja. Ndiye kuti dzino loyamba linali litadutsa kale ndi zigawo ziwiri, madigiri 60 a camshaft, omwe ndi madigiri 120 a crankshaft.

8. Tinabwezera waya wa batire, n'kulowetsa manambala onsewa m'kabokosi kudzera pa laputopu yobwereka, mu pulogalamu ya TunerStudio.

Pamene ndinalakwitsa

Ntchito ya pa laputopu inali yanga, poti amalume amati zilembo zing'onozing'ono zimawapweteka maso. Ndinalemba mano 12, losowa 1, ndi madigiri aja. Amalume anapotoza kiyi. Injini inatsokomola kamodzi, kenako phuu! Moto unatulukira ku kabureta, nkhuku zonse balala. Tinayesanso, chimodzimodzi. Batire linayamba kufooka, ndipo mawa lake linali tsiku la msika.

Amalume anasuzumira pa laputopu. "Iwe, nambala iyi ikuti chiyani?"

"Ikuti injini ikuzungulira ka 100 pa mphindi, amalume."

"Bodza limenelo. Khutu langali likumva 200. Sitata imeneyi ndimaidziwa."

Theka. Mtima unagunda. Mu pulogalamu muja muli malo ofunsa ngati kagudumu kakuyenda pa liwiro la crank kapena la cam, ndipo ine ndinasiya pa crank. Kabokosi kankaganiza kuti kagudumu kakazungulira kamodzi, crankshaft yazungulira kamodzi, pamene inali itazungulira kawiri. M'malo moponya moto kanayi pa ulendo umodzi wa kagudumu, kankaponya kawiri. Choipa kwambiri, moto unkafika nthawi yolakwika, pisitoni ina ikukoka petulo valavu ili yotsegula. Nde moto unkabwerera ku kabureta.

Ndinasintha mawu amodzi okhawo. Kiyi kamodzi, injini inalira. Amalume sanandikalipire. Anangoti, "Wadzipezera wekha, sudzaiwalanso."

Kutsimikiza

Kulira kwa injini si kumaliza ntchito. Tinauza kabokosi kuti kaponye moto pa madigiri 10 pisitoni isanafike pamwamba, osasintha, kenako tinaunika pule ndi timing light, tochi imene imaphethira nthawi imene pulagi yoyamba yathetheka. Chizindikiro chinaoneka pa 6 m'malo mwa 10, chifukwa mano odula ndi manja ndiponso kuyeza ndi maso sizingalondole ndendende. Tinakonza nambala ija mpaka laputopu ndi pule zinagwirizana. Zitatero tinamasula kabokosi kuti kazifulumizitsa moto liwiro likamakwera, ntchito imene kale ankagwira ndi masipuling'i aja.

Ndisakunamizeni kuti njirayi ilibe chilema. Camshaft imakokedwa ndi tcheni, ndipo tcheni ndi magiya zikatha zimasewera, moti chizindikiro cha pa pule chimavinavina pang'ono. Gudumu la pa crankshaft limalondola kuposa apa. Koma la pa camshaft lili ndi ubwino wake. Mpata wake umadutsa kamodzi pa madigiri 720, nde kabokosi kamadziwa silinda imene ikupanikiza, zimene gudumu la pa crankshaft palokha silingathe. Komanso kathu kali m'kati, kovundikiridwa, kutali ndi matope ndi fumbi la misewu yathuyi.

Chenjezo kwa ofuna kuyesa: musagwire waya wa pulagi injini ikulira, musayandikize moto kapena fodya pamene pali petulo, ndipo malaya olendewera akhale kutali ndi fani ndi lamba wake. Chitani izi pali munthu wamkulu wodziwa ntchito.

Kagalimoto kaja tsopano kamalira m'mawa popanda wokankha, tomato amafika opikula asanachoke, ndipo lisiti la fizi lili m'chikwama mwangamu. Mnzanga wa kumbuyo uja, yankho lako ndi limeneli.

Yesani mafunso awa

1. Injini ikuzungulira ka 2,400 pa mphindi. Camshaft ikuzungulira kangati?

2. Kagudumu ka malo a mano 24 kali pa camshaft. Kuchokera pa dzino lina kufika pa linzake ndi madigiri angati a crankshaft?

3. N'chifukwa chiyani kagudumu ka aluminiyamu sikangagwire ntchito ndi masensa awiri aja?

4. Pa liwiro la 1,500 pa mphindi, mapulagi a injini ya masilinda anayi amayatsa petulo kangati pa sekondi?

Mayankho ndidzapachika pompano Lachisanu. Chonde pepalali musalembepo, musaling'ambe, ena sanawerenge.

Mnzanu wa Fomu 4