MADZI SAIWALA KHWAWA

M'mwezi wa February 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira mumzinda wa Lilongwe. Madzi analowa m'makomo ku Mtandire ndi ku Area 47 nagwetsa nyumba zambiri, ndipo anthu ena anachita kupulumutsidwa ndi asilikali. Koma mtsinjewu suyambira mumzindamo ayi. Umachokera kumidzi ya kumadzulo, ndipo mvula yogwa m'minda ndi m'madambo a kumeneko ndiyo imakaudzaza. Chotero nkhaniyi ikukhudzanso anthu a ku Mpingu ndi midzi yozungulira.

Chimene Chimachititsa Kusefukira

Nthaka ya mitengo ndi udzu imamwa madzi pang'onopang'ono. Koma anthu akadula mitengo, nalima mpaka pagombe, naumba njerwa ndi kukumba mchenga m'mbali mwa mtsinje, madzi amathamanga onse nthawi imodzi atasenza dothi. Dothilo limakwirira mtsinje. Madziwo akafika pamisika ndi mumzinda amapeza ngalande zitatsekeka ndi majumbo ndi zinyalala, ndipo amapatukira m'nyumba.

Matenda Amene Amatsatira

Madzi osefukira amadzaza zimbudzi natengera zonyansa m'zitsime zosatetezedwa. Umo ndimo kolera ndi matenda ena otsegula m'mimba amafalira. Mliri wa kolera umene unayamba mu March 2022, atadutsa namondwe Ana, unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno, ndipo boma la Lilongwe ndilo linali ndi odwala ambiri koposa. Matendawa sasankha wa m'tauni kapena wa kumudzi, pakuti anthu amayenda tsiku ndi tsiku pamsewu wa ku Mchinji.

Madzi akaphwera amasiya zithaphwi. M'menemo udzudzu wofalitsa malungo umaikira mazira, ndipo pakatha masiku 10 mpaka 14 umakhala utayamba kuuluka.

Zoyenera Kuchita Mvula Isanayambe

1. Banja lililonse likumbe ngalande yochotsa madzi pakhomo, ndipo likwirire maenje otsala poumba njerwa.
2. Zinyalala zitayidwe m'dzenje, osati m'ngalande kapena mumtsinje.
3. Chimbudzi chikumbidwe kumunsi kwa chitsime, patali mamita osachepera 30, ndipo chikhale ndi denga ndi chovundikira.
4. M'mbali mwa mtsinje musalimidwe. Mubzalidwe mitengo, nsungwi ndi udzu wa vetiva.
5. Madzi akumwa aziwiritsidwa kapena kuthiridwa kolorini, amene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa kathiridwe kake.

Munthu akayamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi, apatsidwe madzi a Thanzi nthawi yomweyo, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi aukhondo, ndipo azimwabe ali paulendo wopita kuchipatala. Kudikira kuti kuche kwatayitsa miyoyo yambiri.

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Womanga nyumba m'dambo kapena wotseka ngalande m'chilimwe angaganize kuti madzi anasamuka, koma dzinja likafika amabwerera m'njira yawo yakale. Mudzi wanzeru umawakonzeratu njirayo mu October, mitambo isanade.