Phula la M'khutu ndi Kasamalidwe ka Makutu: Uthenga kwa Mabanja Okhala ku England

Anthu ambiri amene anabwera ku England ali kale akuluakulu akamavutika kumva zimene dokotala, bwana wa kuntchito kapena woyendetsa basi akunena, amaganiza kuti vuto ndi Chingerezi. Amati eni dziko amalankhula mothamanga komanso momeza mawu. Nthawi zina zimenezi n'zoona. Komabe ife omasulira timakumananso ndi anthu amene amatipempha kubwereza mawu ngakhale tikulankhula nawo Chichewa. Zikatero, ndiye kuti chofunika kuunikidwa ndi khutu. Kawirikawiri choyambitsa chimakhala phula lomwe launjikana n'kutseka njira ya mawu, ndipo vuto limeneli limatha likasamalidwa moyenera.

Kodi phula la m'khutu n'chiyani?

Kukhala ndi phula m'khutu si uve. Thupi limapanga phulali mwadala kuti liteteze njira ya khutu, yomwe mwa munthu wamkulu ndi yotalika pafupifupi masentimita 2.5. Phula limakola fumbi ndi tizilombo, ndipo limathandiza kuti khungu la m'njirayo lisaume. Kumapeto kwa njirayo kuli kanembanemba kopyapyala kotchedwa ng'oma ya khutu, kamene kamanjenjemera mawu akafika.

Khutu limadziyeretsa lokha. Khungu la m'njirayo limasunthira kunja pang'onopang'ono litanyamula phula, ndipo kutafuna ndi kulankhula kumathandiza kuti phulalo lituluke. Mwa anthu ambiri, kupukuta kunja kwa khutu ndi kansalu koyera posamba n'kokwanira.

Phula limaunjikana ngati njira ya khutu ndi yopapatiza kapena ili ndi ubweya wambiri, ngati munthu akukalamba ndipo phula lake layamba kuuma, kapena ngati amavala kawirikawiri zinthu zolowa m'khutu monga mahedifoni, zotsekera phokoso za kuntchito ndi zipangizo zothandiza kumva. Zizindikiro zake ndi kumva mawu ngati akuchokera patali, kumva ngati khutu ladzaza, kulira kwa m'khutu, kupweteka pang'ono, ndipo nthawi zina chizungulire.

Musalowetse kanthu m'khutu

Ambiri tinakula tikuona makolo athu akutokosa m'khutu ndi nthenga ya nkhuku kapena kamtengo ka machesi. Kuno m'masitolo muli timitengo ta thonje kunsonga, ndipo timaoneka ngati tabwino kuposa nthenga. Zonsezi zimachita chinthu chimodzi: zimatulutsa phula lochepa, koma lambiri zimalikankhira mkati, kumene limakaumbika n'kutseka njira. Zingathenso kukanda khungu, kuyambitsa matenda kapena kuboola ng'oma ya khutu. Makandulo a m'khutu amene amagulitsidwa pa intaneti alibe umboni woti amachotsa phula, ndipo angathe kukuwotchani.

Zimene mungachite panyumba

Malangizo a NHS ndi akuti muyambe mwafewetsa phulalo ndi mafuta a olivi kapena a alimondi, omwe amapezeka ku famase ali m'kabotolo kodonthezera.

1. Gonani chammbali, khutu lotsekekalo liloze kumwamba.
2. Donthezani madontho 2 kapena 3.
3. Khalanibe chogona kwa mphindi 5 mpaka 10.
4. Chitani zimenezi katatu kapena kanayi pa tsiku, kwa masiku 3 mpaka 5.

Phula limatuluka lokha pang'onopang'ono m'kati mwa milungu iwiri, makamaka usiku mukagona. Masiku oyamba khutu lingamveke ngati latsekeka kwambiri kuposa kale, chifukwa phula likamwa mafuta limafufuma.

Musadonthezere kanthu kalikonse ngati ng'oma ya khutu lanu inabooka, ngati munachitidwapo opaleshoni ya khutu, kapena ngati m'khutu mukutuluka mafinya. Ngati thupi lanu siligwirizana ndi mtedza wa alimondi, musagwiritse ntchito mafuta ake. Katswiri wa mankhwala ku famase angakulangizeni kwaulere popanda kupangana tsiku.

Mmene akatswiri amachotsera phula

Ngati patatha masiku 5 palibe kusintha, kapena khutu latsekekeratu moti simukumva, funani thandizo. Namwino kapena katswiri wa makutu amayamba wayang'ana m'khutu ndi kachipangizo kokhala ndi nyali, kenako amasankha imodzi mwa njira zitatu izi.

Kutsuka ndi madzi, kumene pa Chingerezi amati irrigation. Makina amapopera madzi ofunda m'khutu mwa mphamvu yoyezedwa, ndipo phula limatuluka ndi madziwo. Madzi amakhala ofunda mofanana ndi thupi, chifukwa ozizira kapena otentha kwambiri amachititsa chizungulire. Njira imeneyi si yoyenera kwa munthu amene ng'oma ya khutu lake inabooka, amene anachitidwa opaleshoni ya khutu, kapena amene wadwala khutu posachedwapa.

Kuyamwa ndi makina, kumene amati microsuction. Katswiri amayang'ana m'khutu ndi galasi lokulitsa zinthu, n'kumakoka phula ndi kapaipi kakang'ono. Sagwiritsa ntchito madzi. Makinawo amachita phokoso m'khutu, ndipo anthu ena amatsokomola kapena kumva chizungulire kwa kanthawi.

Kukokolola ndi kachitsulo. Katswiri amatulutsa phula ndi kachipangizo kopindika kunsonga, akuona bwinobwino pamene akugwira.

Njira yakale yopopera madzi ndi jakisoni wamkulu wachitsulo inasiyidwa. Malangizo amene bungwe la NICE linatulutsa mu 2018 amaletsa njirayo chifukwa mphamvu ya madzi ake ingavulaze khutu. Njira iliyonse imene akugwiritsa ntchito, mukamva kuwawa nenani nthawi yomweyo kuti aime.

Kumene mungapeze thandizo

Yambirani kwa GP wanu. Ku England aliyense angalembetse kwa GP kwaulere, ndipo lamulo silifuna kuti muonetse mapepala okhalira m'dziko kapena umboni wa adiresi. Dziwani kuti si zipatala zonse za GP zimene zimachotsa phula masiku ano. Zina zimachotsa, zina zimakutumizani ku chipatala china cha NHS m'dera lanu, ndipo m'madera ena mungauzidwe kuti mukalipire nokha kwa akatswiri oyima paokha.

Ngati mwasankha kulipira, funsani mafunso awa musanapangane tsiku: Kodi mtengowo ndi wa khutu limodzi kapena onse awiri? Nanga phula likakana kutuluka ulendo woyamba, ulendo wachiwiri ndi wolipiranso? Kodi wochotsayo anaphunzira ntchitoyi? Anamwino amalembetsedwa ku bungwe la NMC, ndipo akatswiri opereka zipangizo zothandiza kumva amalembetsedwa ku HCPC.

Ngati phula lachoka koma simukumvabe

Phula si chinthu chokhacho chimene chimalepheretsa kumva. Ukalamba ndi phokoso la kuntchito zimawononga timaselo ta mkati mwa khutu, ndipo timaselo timeneti tikafa sitimeranso. Vutoli limabwera mwakachetechete. Abale ndi amene amayamba kuzindikira: wailesi ya kanema imakwezedwa kwambiri, bambo sayankha akaitanidwa, agogo amangokhala chete pa macheza a kutchalitchi.

Pemphani GP kuti akutumizeni kwa katswiri woyeza kumva, amene amatchedwa audiologist. Kuyezako sikupweteka. Mumavala mahedifoni n'kumadina batani nthawi iliyonse mukamva kulira. Mafamase ena akuluakulu ndi malo ena oyezera maso amayezanso kumva kwaulere, ndipo bungwe la RNID lili ndi mayeso achidule a mphindi 3 pa intaneti. Ngati mukufunika chipangizo chothandiza kumva, NHS imakubwerekani kwaulere kwa nthawi yaitali, pamodzi ndi mabatire ndi kukonza chikawonongeka. Kuvala chipangizochi sikusiyana ndi kuvala magalasi a maso.

Kwa ogwira ntchito m'mafakitale ndi pa zomangamanga, malamulo a 2005 okhudza phokoso kuntchito amalamula olemba ntchito kupereka zotetezera makutu ndi kuonetsetsa kuti zikuvalidwa phokoso likafika pa madesibelo 85.

Makutu a ana

Mwana aliyense wobadwira ku England amayezedwa kumva kwaulere, kawirikawiri m'milungu 4 kapena 5 yoyambirira. Mwana amene anabadwira kwina angakhale sanayezedwepo, choncho dziwitsani GP kapena health visitor. Mwana akamachedwa kulankhula, musafulumire kunena kuti n'chifukwa cha zilankhulo ziwiri za panyumba. Ana ambiri amakhala ndi madzi omata kuseri kwa ng'oma ya khutu, vuto lotchedwa glue ear. Nthawi zambiri limatha lokha m'miyezi 3, koma liyenera kuunikidwa.

Pamene simuyenera kudikira

Imbani 111 kapena pemphani kuonana ndi GP tsiku lomwelo ngati:

- mwasiya kumva mwadzidzidzi, khutu limodzi kapena onse awiri;
- kumva kwanu kwakhala kukuchepa m'masiku kapena milungu yochepa chabe;
- mukulephera kumva komanso khutu likupweteka kapena likutuluka mafinya kapena magazi.

Kusiya kumva mwadzidzidzi kungaoneke ngati phula pamene vuto lili mkati mwenimweni mwa khutu. Mankhwala ake amathandiza kwambiri akaperekedwa m'masiku oyambirira, choncho musataye nthawi ndi mafuta.

Ufulu wanu wokhala ndi womasulira

Mukamapangana tsiku ndi chipatala cha NHS, nenani kuti mukufuna womasulira wa Chichewa. M'makaundula ena chilankhulochi chimalembedwa kuti Nyanja. Simulipira kanthu, ndipo womasulira amasunga chinsinsi. Pa 111 mungapemphenso womasulira. Pewani kutenga mwana kuti akumasulireni nkhani za thanzi lanu. Ngati kumva pa foni kumakuvutani, pemphani kuti womasulira abwere pamaso, ndipo uzani ogwira ntchito kuti alembe zimenezi m'mapepala anu.