Mlendo Pakhomo pa Amake

Mu Novembala 1882 sitima yapamadzi inakocheza padoko la Yokohama, ndipo mmodzi mwa otsikamo anali mtsikana wa zaka 17, dzina lake Tsuda Umeko. Anachoka ku Japan mu Disembala 1871 ali ndi zaka 6 zokha, wamng'ono pa atsikana asanu amene boma linawatumiza ku America pamodzi ndi nthumwi zotsogoleredwa ndi Iwakura Tomomi. Analeredwa ndi banja la a Lanman ku Georgetown, mumzinda wa Washington, ndipo kumeneko ndi komwe anaphunzirira kuwerenga, kupemphera ndi kukangana ndi anzake. Pofika kwawo, Chijapani chinali chitamuthawa pakamwa. Amayi ake omubereka anali pomwepo, koma kuti awiriwa amvane pankafunika munthu wachitatu.

Chilankhulo chinali vuto laling'ono, poti chimaphunzirika. Lalikulu linali lakuti panalibe amene ankamuyembekezera. Ofesi yoona za chitukuko cha chilumba cha Hokkaido, yomwe inakonza zotumiza atsikanawa, inali itathetsedwa chaka chomwecho. Anyamata obwera ndi maphunziro akunja ankapatsidwa maudindo m'boma, atsikana ankafunsidwa kuti akwatiwa liti. Mnzake Yamakawa Sutematsu, yemwe anabwera ndi digiri ya ku Vassar College, anakwatiwa mu 1883 ndi Oyama Iwao, mkulu wa zankhondo yemwe mkazi wake anali atamwalira. Umeko anakana njira imeneyo. Anaphunzitsa, anabwereranso ku America mu 1889 kukaphunzira ku Bryn Mawr College, ndipo mu 1900 anatsegula sukulu yake ya atsikana ku Tokyo, yomwe lero ndi Tsuda University. Kuyambira mu Julayi 2024 nkhope yake ili pa ndalama yapepala ya 5,000 yen. Anthu amakonda kuyambira nkhaniyi pa ndalamayo, ngati kuti zonse zinayenda mwa myaa. Koma werengani: kuchokera 1882 kufika 1900 ndi zaka 18, munthu akufunafuna poponda m'dziko lobadwira.

Masiku ano palibe amene amaiwala Chijapani chifukwa cha chaka chimodzi ku Melbourne kapena ku Leeds. Ndege ilipo, foni ilipo, amayi amaimba pa LINE Lamlungu lililonse. N'chifukwa chake wophunzira wamakono amagwa mosayembekezera kuposa Umeko. Ponyamuka amakonzekera zonse: mayeso a Chingerezi, viza, inshuwalansi, jekete la m'nyengo yozizira, ngakhale malangizo a zoyenera kuchita akayamba kupukwa kwawo. Za tsiku lobwerera sakonzekera kanthu. Akonzekere chiyani, poti akupita kwawo?

Tiyerekeze mnyamata wa chaka chachitatu pa yunivesite ina ku Osaka. Wanyamuka kupita ku Leeds mu Seputembala, poti ndi pomwe sukulu zambiri za ku Ulaya ndi ku America zimatsegulira, ndipo abwera mu Juni chaka chotsatira. Msampha woyamba womwe ukumudikira uli pakalendala. Ku Japan chaka cha sukulu chimayamba mu Epulo n'kutha mu Malichi, ndipo makampani akuluakulu amalemba ntchito omaliza maphunziro kamodzi pachaka, onse pamodzi, iwo akadali pasukulu. Eni ake amati shukatsu. Malinga ndi ndondomeko imene kale inkasungidwa ndi bungwe la makampani la Keidanren, ndipo tsopano ili m'manja mwa boma, makampani amayamba kudzilengeza pa 1 Malichi, mafunso amayamba pa 1 Juni, makalata olonjeza ntchito amaperekedwa pa 1 Okutobala, ndipo wosankhidwayo amadzayamba ntchito mu Epulo. Zimenezo ndi za papepala. Zenizeni n'zakuti makampani ambiri amayamba kusankha anthu miyezi ingapo m'mbuyo, pakati pa ophunzira amene amabwera kudzazolowera ntchito patchuthi.

Choncho mnyamata wathu akutsika pabwalo la ndege la Kansai ali ndi nkhani zodzaza pakamwa, n'kupeza anzake onse ameta, tsitsi lomwe ankalipaka utoto alidetsanso, avala masuti akuda ofanana, ndipo ambiri ntchito anapeza kale. Njira zomutsalira ndi ziwiri: kuthamangira makombo, kapena kuchedwetsa kumaliza maphunziro ndi chaka chathunthu kuti adzalowe mumpikisano wa chaka chamawa akadali ndi dzina la wophunzira. Dzinalo ndi lamtengo, chifukwa amene wamaliza sukulu n'kukhala wopanda ntchito makampani ambiri amamuyang'ana mokayikira. Ochenjera amadziwiratu za Boston Career Forum, msika wa ntchito womwe wakhala ukuchitika mumzinda wa Boston kuyambira 1987, kumene makampani amakumana kwa masiku atatu ndi odziwa Chijapani ndi Chingerezi, ena n'kuchokako atalonjezedwa ntchito. Koma msikawo umachitika cha mu Novembala, mnyamatayo atangokhala kunja miyezi iwiri, akusocherabe pofuna basi yopita kusukulu. Amene sanauzidwe asananyamuke amaumva utatha. Yunivesite ya Tokyo inayesa, cha mu 2012, kusamutsira chiyambi cha chaka ku Seputembala kuti igwirizane ndi mayiko ena. Mu 2013 inaliika pambali ganizolo, poti makampani, mayeso a boma ndi masukulu ena onse sanasunthe.

Msampha wachiwiri uli pakamwa. Chijapani chili ndi kalankhulidwe kaulemu kotchedwa keigo, kamene kamasintha mneni malinga ndi amene ukulankhula naye: pena umakweza mnzakoyo, pena umadzitsitsa wekha. Ife odziwa kusiyana kwa iwe ndi inu sitingadabwe nazo, koma kumeneko makwerero ake ndi ambiri, ndipo wokuposa ndi kalasi imodzi yokha ndi senpai, wofunika ulemu wake. Mnyamatayu kwa miyezi khumi wakhala akuitana aphunzitsi ndi dzina loyamba, akuyamikiridwa chifukwa chotsutsa m'kalasi. Tsiku loyamba kubwerera m'kagulu ka maphunziro ka pulofesa wake wa ku Osaka, senpai akufotokoza kafukufuku, iye akukweza dzanja n'kunena kuti sakugwirizana nazo. Palibe womukalipira. M'chipindamo mwangoti zii, pulofesa akuyang'ana pepala, wina akusintha nkhani. Mlandu wake ndi wolephera kuwerenga mpweya, monga amanenera kumeneko, ndiko kusazindikira zimene gulu likufuna popanda kuuzidwa. Chilango chake sichilengezedwa. Amangoona kuti uthenga wa kokamwa Lachisanu sunamufike.

Kunyumba nako zilipo zake, zing'onozing'ono. Munthu amene ankadziphikira yekha, kulowa ndi kutuluka nthawi imene wafuna, wabwereranso m'kachipinda ka ubwana wake, ndipo amayi akumufunsa kuti abwera nthawi yanji. Akuti akulankhula mokweza. Akuti akuponya manja kwambiri polankhula. Agogo wafuna kuwakumbatira, iwo angouma thupi.

Ndiye pali chizolowezi chimene obwerera ambiri sachimva pakamwa pawo. Sitima ikadzaza: ku Canada sizichitika zimenezi. Msonkhano ukatalika: ku Germany bwenzi titamaliza kale. Ajapani ali ndi dzina lachipongwe la munthu wotere, dewa no kami, ndipo likakumatirira silichoka msanga. Pamenepa ndinene mosabisa kuti mlandu suli mbali imodzi. Dziko limene mnyamatayu akulitamanda analiona ali mlendo, wopanda bwana, wopanda agogo odwala oti awasamalire, wopanda maliro oti apiteko. Akuyerekeza moyo wa wophunzira wa miyezi khumi ndi moyo wa munthu wamkulu wa ku Osaka, n'kumati ndiko kusiyana kwa mayiko. Anzakenso sanagone chaka chonsecho. Wina bambo ake anamwalira, wina chibwenzi chinatha, wina anakanidwa ndi kampani pambuyo pa kampani. Iwo akamufunsa kuti kunali bwanji, amafuna yankho la mphindi ziwiri ndi kaphukusi ka maswiti, omiyage, kamene aliyense wochokera paulendo amayenera kubweretsa. Iye amafuna madzulo onse. Sanafunse n'komwe kuti kuno kunali bwanji.

Akatswiri anaziona kalekale. Mu 1963 John ndi Jeanne Gullahorn, atafufuza Aamerika amene anapita kukaphunzira ndi kukaphunzitsa kunja, analemba kuti mtima wa woyenda umatsika kawiri: akafika kwa eni, ndiponso akabwerera kwawo. Kutsika kwachiwiriko kumawawa mwa mtundu wina chifukwa kulibe powiringulira. Ku Leeds ukasokonezeka umadziwa chifukwa chake, ndipo anthu amakukhululukira poti nkhope yako ikunena yokha kuti ndiwe mlendo. Ku Osaka nkhope ndi ya pomwepo, dzina ndi la pomwepo, ndiye palibe wokupatsa mpata wolakwitsa. Timati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka, ndipo n'zoona. Chomwe mwambiwu sunena n'chakuti kwanuko kumayendanso iwe ukachoka. Ngakhale amene anadana nako kunjako sapulumuka. Natsume Soseki, wolemba mabuku wotchuka uja, anakhala ku London kuyambira 1900 mpaka 1902 ali wosungulumwa, wodzitsekera m'chipinda ndi mabuku. Atabwerera mu 1903 anapatsidwa malo a mphunzitsi Lafcadio Hearn pa yunivesite ya Tokyo, ophunzira omwe ankakonda Hearn sanamulandire ndi manja awiri, ndipo kuvutika maganizo komwe kunakula ku London kunamutsatira mpaka m'nyumba mwake. Mu 1907 anasiya uphunzitsi n'kukalowa ku nyuzipepala ya Asahi.

Koma choopsa kwambiri, m'kuona kwanga, ndi chimene munthu amachita kuti kunyozedwako kuthe. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, makampani a ku Japan atayamba kutumiza antchito ambiri kunja, dzikolo lakhala likukamba za ana otchedwa kikokushijo, okulira kunja n'kubwerera. Aphunzitsi ndi ofufuza akhala akusimba chinthu chimodzimodzi: mwana wolankhula Chingerezi ngati wobadwira ku Ohio, akauzidwa kuwerenga m'kalasi, amachipotoza dala kuti chimveke ngati cha anzake. Ena amabisiratu kuti anakhalako kunja. Wamkulu amachita zomwezo, koma mwaluso. Pofika chaka chachiwiri pantchito, mnyamata wathu waphunzira kusatchula Leeds. Pamsonkhano amadikira akuluakulu alankhule, iye n'kuvomera. Mauthenga a anzake a ku Spain ndi ku Nigeria omwe ankaphika nawo m'khitchini imodzi amawayankha mochedwa, kenako osawayankha n'komwe. Chingerezi chikuchita dzimbiri. Pakhomo onse akuti wabwerera mwakale, ndipo akusangalala. Makolo analipira mamiliyoni a yen, iye anapereka chaka cha unyamata wake, ndipo chotsala ndi mzere umodzi pa pepala lofunsira ntchito ndi zithunzi za m'foni yakale.

Si onse amathera pamenepo, ndipo tisawamvere chisoni mopitirira. Roger Goodman wa ku Oxford, m'buku lake la 1990 lonena za ana a kikokushijo aja, anaonetsa kuti ambiri ndi ana a mabanja opeza bwino, ndipo makolo awo anali ndi mawu okwanira kuti pakhale masukulu apadera ndi khomo lapadera lolowera ku yunivesite. Pa sekondale ya International Christian University ku Tokyo, yotsegulidwa mu 1978, ambiri mwa ophunzira ndi obwerera. Ndikuona kuti phindu lenileni la malo otere n'kukhala ndi ena onga iwe, pomwe nkhani ya kunja ingakambidwe madzulo onse popanda wina kuyasamula, kotero kuti kwina konseko utha kukhala chete mosawawidwa mtima. Chinanso chothandiza n'kuphunzira njira ya kwanu yosinthira zinthu. Pa kampani ya ku Japan ganizo latsopano silitulukira pamsonkhano. Limayamba layendetsedwa kwa munthu mmodzimmodzi, pakhonde, pa tiyi, mpaka pofika pamsonkhanopo aliyense wavomera kale. Amati nemawashi. Wobwerera amene amainyoza njirayi kuti n'kutaya nthawi amangokhala ndi mfundo zabwino zopanda womvera.

Nkhaniyi si yakutali monga ikuonekera. Kuyambira 1971 achinyamata a ku Japan akhala akubwera ku Malawi kudzagwira ntchito mongodzipereka, m'masukulu, m'zipatala ndi m'maofesi a zaulimi, kawirikawiri kwa zaka ziwiri, pansi pa ndondomeko yomwe lero ikuyendetsedwa ndi bungwe la JICA. Amene wazolowera kupatsa moni aliyense panjira ya ku Mzimba, kufunsa za ana ndi za kumunda asananene chomwe wabwerera, akukalowa m'sitima ya ku Tokyo momwe anthu amapanikizana osayang'anana m'maso, ndipo kulankhula pafoni n'kupanda mwambo. Ife tikamawatsanzika timaganiza kuti mavuto awo atha.

Boma la Japan likufuna achinyamata ambiri azituluka. Chiwerengero cha Ajapani ophunzira ku America chinafika pafupifupi 47,000 cha mu 1997, kenako chinatsika mpaka kuchepera 20,000 pofika 2012. Mu 2013 unduna wa zamaphunziro unayambitsa kampeni ya Tobitate yolimbikitsa kuphunzira kunja, ndipo mu 2023 boma la Kishida Fumio linalengeza cholinga choti pofika 2033 ophunzira opita kunja afike 500,000. Ophunzira eni ake akafunsidwa chomwe chimawabweza, pambali pa ndalama ndi chilankhulo, amatchula mantha ochedwa kumaliza sukulu ndi kuphonya nyengo yolembedwa ntchito. A m'makalasi a m'munsi amaona zimene zinachitikira senpai wawo, n'kuwerengetsa okha. Chaka cha sukulu chikuyambabe mu Epulo.