Kukadandaula za chisamaliro cha mwana: musapite kukhoti chimanjamanja

Nkhaniyi ndaiona kambirimbiri. Mayi wachokera ku Makanjira kapena ku Namwera, mwana kumsana, ndalama ya thiransipoti yongobwereka. Woweruza akamufunsa kuti akufuna zingati pamwezi, iye amangoti khoti lione lokha. Bambo wa mwana wabwera ndi malaya ong'ambika amene sawavala ndi kumunda komwe, akuti alibe ntchito. Mayi amatuluka ndi kandalama kothera pa sopo.

Musamvere akatswiri a pamsika amene amati pali peresenti yoikika yodula kumalipiro a bambo. Kuno ku Malawi kulibe zimenezo. Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limauza khoti kuyang'ana zimene makolo onse awiri amapeza ndi katundu wawo, ngati wina ali ndi vuto lomulepheretsa kugwira ntchito, ana ena amene akuwasamalira, komanso mitengo ya zinthu kumene mwanayo akukhala. Kaya ukwati unali wa kumzikiti, wa kutchalitchi, wa ankhoswe, kapena panalibe ukwati n'komwe, gawo 23 la malamulo aakulu a dziko limati ana onse ndi ofanana. Ndipo kuyambira 2017, mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18.

Musaiwale chiphaso chanu, kalata ya kubadwa ya mwana ndi buku la kusikelo. Yambirani ku ofesi ya social welfare kapena ku Victim Support Unit ya polisi. Zikavuta, a Legal Aid Bureau amathandiza osowa ndalama ya loya.

Tsopano apa ndi pamene ambiri amagwera. Khoti limawerengera zimene mwalionetsa, osati zimene zili mumtima mwanu. Gulani kope, ndipo kwa mwezi wathunthu lembani chilichonse chopita kwa mwana: ufa, ndiwo, shuga, sopo, mafuta odzola, makala, kabaza wopita kuchipatala, mankhwala ogula kusitolo pamene kuchipatala atha. Yunifolomu, nsapato ndi fizi ziwerengereni pachaka, mugawe ndi 12. Malisiti sungani. Musakweze mitengo dala, woweruzayo naye amagula mumsika womwewo, ndipo akakugwirani bodza limodzi zonse akayikira.

Tsamba lachiwiri likhale la bamboyo, ndipo ili ndiye lofunika kuposa lina lija. Mphunzitsi kapena wa kukampani ndi wosavuta, pali pepala la malipiro, ndipo khoti lingalamule kuti azimudula komweko. Vuto la kuno kunyanja ndi amuna opanda pepala. Msodzi adzalira kuti mwera wavuta, nyanja yauma. Inu lembani: ali ndi maboti angati, injini, chilimira, alovi angati amamugwirira ntchito, amakocheza padoko liti, usipa ukagwa amagulitsa zidebe zingati. Pemphani khoti liyang'ane chaka chonse, osati mwezi wa mwera wokha. Tchulani nyumba ya malata, njinga yamoto imene ikuyenda kabaza, golosale yolembedwa dzina la mchimwene wake. Bwerani ndi mboni imene inaona ndi maso, osati mnzanu wongomva pachitsime.

Ndibwerezenso: mawu akuti "ali ndi ndalama zambiri" si umboni.

Wa ku Joni naye amasiya mapazi. Mauthenga a Mukuru, Airtel Money ndi Mpamba musafufute, ngakhale foni idzaze. Ndimapsa mtima ndikamva mayi akuti anafufuta zonse tsiku limene anakangana. Mauthengawo ndi amene amaonetsa kuti ankatha kutumiza zakutizakuti mwezi ndi mwezi, komanso tsiku limene analeka. Koma dziwani kuti samani iyenera kumufika, ndipo munthu ali ku Johannesburg kumukoka n'kovuta. Tcherani khutu za kubwera kwake, kaya pa Idi kaya mu Disembala, mukayambitse mlandu asanakwerenso basi.

Chigamulo chikaperekedwa, tengani pepala lake. Ndalama zizidzera kukhoti kapena pafoni, osati zopatsirana pamanja kuseri kwa nyumba, chifukwa mawa adzalumbira kuti anapereka. Zinthu zikakwera mukhoza kubwereranso kukapempha kuti asinthe. Amene milandu yawo inagamulidwa kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mwina akulandirabe ndalama yakaleyo chifukwa palibe anawauza. Pobwerera kukhotiko, tengani kope latsopano la mitengo ya lero.