Kodi "His and Hers" n'chiyani?

FUNSO: Ndine mayi wa pa famu ya fodya kufupi ndi Mvurwi, makolo athu anachokera ku Dedza. Mwana wanga amene amagwira ntchito ku Harare watigulira matawulo awiri ofanana, lina lolembedwa "His", lina "Hers". Kodi mawuwa akutanthauzanji? Bambo a kunyumba akukayika kuwagwiritsa ntchito.

YANKHO: Mayi, auzeni bambo asadere nkhawa. M'Chingerezi "his" ndi chinthu cha mwamuna, "hers" cha mkazi. Mawu awiriwa akaphatikizidwa amanena katundu wogulitsidwa awiriawiri kwa anthu okwatirana kapena otomerana: matawulo, makapu, mawotchi, mafuta onunkhira, ngakhale malaya. Lolembedwa "His" ndi la bambo, linalo ndi lanu. Palibe mwambo kapena chizimba chobisika pamenepo, ndi njira ya amalonda yogulitsira mphatso zaukwati.

Mwina mwaziona kale. Pa chinkhoswe ku Malawi, ndiponso pa mwambo wa roora kwa anzathu Achishona kuno ku Mashonaland, mkwati ndi mkwatibwi amasoketsa zovala pa nsalu imodzi, chitenje chija kuno amati zambia. Mkazi diresi, mwamuna shati. Achinyamata amazitchulanso ndi mawu omwewa. Zimasiyana ndi zovala zofanana zimene gulu lonse limavala. Izi n'za anthu awiri okha.

Ine ndikuona kuti mwanayo wakulemekezani kwambiri. Akuvomereza poyera kuti banja la makolo ake lidakali lolimba. Musawasungire alendo m'sutikesi matawulowo. Bambo akaweruka ku shedi ya fodya, apatseni lawo akasambire.