Azakhali, chala changa chikukana tabuleti

Okondedwa Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 52, ndimakhala ku Kanjedza ndipo ndimaphunzitsa Sitandade 2 pasukulu ina ya pulayimale mu Blantyre momwe muno. Choko ndinayamba kuchigwira mu 1994. Mwezi watha ahedi ananditumiza ku TDC kukachita maphunziro a aphunzitsi okhudza matabuleti. Azakhali, manyazi ndinawaona. Wotiphunzitsa ndi kamnyamata komwe ine ndemwe ndinakaphunzitsa a, e, i, o, u. Atati tiyatse, ine ndinadina penapake, chinthucho n'kuyamba kuyankhula mokuwa, holo yonse gwa! kuseka. Pasiwedi ndaiwala kawiri. Kuwonjezera apo anatiika pagulu la WhatsApp lomwe limalira mpaka usiku, moti bambo a kunyumba ayamba kufunsa kuti amene akundifuna nthawi imeneyo ndani. Kwanditsalira zaka 8 kuti ndipume pantchito. Kodi ndingopempha ahedi kuti atumize aphunzitsi achitsikana m'malo mwanga?

Ine Wothedwa Nzeru, Kanjedza

Iii, Madamu! Ndiye mwati kabokosi kosafika ndi kukula kwa mbale ya ndiwo kakuthamangitsani? Inu amene mukangokhosomola pakhomo la kalasi, ana oposa 100 amati zii? Ndaseka mpaka tiyi kundipalira, mundikhululukire.

Tsono khala pansi mwana wanga, ndisiye za umadamuzo ndikuyankhule ngati mwana wa achimwene.

Wati unayamba mu 1994. Ine chaka chimenecho ndimachikumbuka bwino. A Bakili Muluzi atalengeza kuti pulayimale ndi yaulere, ana anakhamukira kusukulu ngati ngumbi mvula itagwa, kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Aphunzitsi anachepa, boma linalemba anyamata ndi atsikana osapita kukoleji, kuwalangiza masabata owerengeka n'kuwapatsa choko. Ngati unali m'gulu limenelo, ndiye kuti unaima pansi pa mtengo bolodi litatsamira tsinde, mphepo ikuulutsa makope, iwe usakudziwa n'komwe kuti sikimu amalemba bwanji. Sunathawe. Itabwera wailesi ya Tikwere ija, yopukusa ndi dzanja, unapukusa. Silabasi yasintha kangati iwe uli pompo? Lero ukuti galasi lakugonjetsa? Usandichititse manyazi kwa anzanga a kumvano.

Za kamnyamatako, ine ndikuona zosiyana ndi iwe. Mlimi akadya nsima ya chimanga chomwe anabzala yekha salira. Kakanakhala kosadziwa kuwerenga, bwenzi kakuphunzitsa ndani? Nthawi yopuma, ena akamalimbirana Fanta ndi mabanzi, iwe kakokere pambali, uti: "Mwana wanga, ine ndinakubwerezera a, e, i, o, u kambirimbiri osatopa, lero ndibwezere ngongole." Kadzakubwerezera, ndipo kadzanyadira. Safunsa anadya phula. Ndipo amene anaseka kwambiri muholomo uwayang'anitsitse: ena mwa iwo anabwerera funso limodzi lokha, loti alawansi tisayinira nthawi yanji.

Matabuleti amenewa sanagwe dzulo kuchokera kumwamba. Anayamba kuyesedwa mu 2013 pasukulu ya Biwi ku Lilongwe, a bungwe la VSO akugwira ntchito ndi a onebillion, omwe ndi eni ake maphunziro a mkatimo. Kenaka Unduna wa Zamaphunziro unatenga ntchitoyi kukhala yake pansi pa ndondomeko ya BEFIT, yomwe inayamba mu Seputembala 2023 ndi sukulu 500, cholinga chikhale kufikira pulayimale zonse za boma kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4. Ndiye iwe wa Sitandade 2 uthawira kuti? Ungakane lero, chaka chamawa chikupeza uli pomwepo, koma pamenepo amene akudziwa adzakhala mtsikana uja unamutumiza, iwe ukumugwirira chitseko.

Mkatimo muli mphunzitsi wina dzina lake Alefa, amayankhula Chichewa, amatsogolera mwana pa kuwerenga ndi masamu. Intaneti safuna, ndipo moto wake ndi wa sola, kotero usayambe kundiuza za kuthima kwa magetsi. Usachite naye nsanje Alefayo ngati mkazi mnzako. Iye sadziwa kuti Chisomo lero sanadye, sadziwa kuti kamtsikana ka pakona kavala mahedifoni koma kakugona, satha kupukuta mamina, satha kuleretsa awiri olimbirana malo. Ntchito yako ndi yoona kuti mwana aliyense walandira chipangizo, akumva, akuchita yekha osati kuchitiridwa ndi mnzake wochenjera, ndipo pomaliza zonse zabwerera kokatchaja zili zokwana. Uzidutsa kumbuyo kwawo. Ukaona mwana akukanirira pa chilembo chimodzimodzi, umulembe m'kope lako, mawa ukamugwire pabolodi.

Tibwere ku chala chakocho. Ndikuchidziwa chala cha mphunzitsi wakale: chouma ndi choko, chozolowera kukanikiza mpaka choko kuthyoka. Galasi silifuna mphamvu ngati ukusinja. Samba m'manja, pukuta, ukhudze mopepuka monga umayesera ngati phala la mwana lazizira. Likakana, usalibaye kasanu motsatizana, ndi mmene unadzutsira chimkokomo chija. Khudza kamodzi, dikira. Ndipo usanayatse china chilichonse, funafuna kabatani ka m'mbali kotsitsira mawu. Kameneko ndiko kasunge ulemu wako.

Komanso usandinamize kuti zamakonozi suzidziwa. Mwezi ukatha, ndani amakudinira *211# kapena *444# potumiza ndalama kumudzi? Nambala yachinsinsi ya Mpamba sunaiwalepo ngakhale tsiku limodzi, chifukwa muli ndalama. Pasiwedi ya kusukulu ukuiwala chifukwa mtima sunailandire. Ilembe m'kabuku kako, ukasunge m'chikwama chamkati, osati kumata kuseri kwa tabuleti ngati mtengo wa tomato. Madzulo aliwonse, nsima ikapsa mbale zitatsukidwa, tenga foni yako kwa mphindi 15. Siya kutumiza mauthenga a mawu aja umayamba ndi kupereka moni kwa mudzi wonse. Lemba ndi chala. Jambula pulani ya phunziro, uitumize kwa mnzako, uphunzire kuipezanso mawa lake. Mdzukulu akhale pambali, koma manja ake akhale kumbuyo. Ana amenewa akati akuthandize amalanda foni, tswee tswee, "zatheka agogo", iwe osaona kanthu.

M'mawa wina udzaime pamsewu uone anyamata a kusukulu ya apolisi ya kwanu ku Kanjedza konko. Ofika kumene ena amasokoneza mwendo wamanzere ndi wamanja, anzawo kuseka. Pakatha miyezi, omwewo ndi amene amakuimitsira minibasi pa Limbe, chifuwa chili patsogolo.

Ziwiri zokha ndikuchenjeze, poti ukulowa m'dziko la akathyali. Uthenga uja woti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi" ukafika, ufufute. Wina akaimba kuti ndi wa ku ofesi ya maphunziro, akufuna nambala yako yachinsinsi kuti alawansi ilowe, dula foni, ukafunse ahedi kapena a PEA pamaso. Ndipo zithunzi za ana a eni usamaziponye pa Facebook chifukwa choti waphunzira kujambula.

Atsala akamwini angawo. Ha! Zaka zonsezi ukubwera kunyumba uli mbuu ndi choko sanachitepo nsanje, lero foni yalira kawiri ayamba kukhosomola? Usakangane nawo, ndi chizindikiro choti maso awo akadaona. Atsegulire gululo awerenge okha. Akadutsa mauthenga 40 a "talandira bwana", maliro a kwa mnzanu ndi mayi wina wogulitsa zitenje, adzakubwezera foni okha n'kugona. Kenaka pempha kamnyamata kaja kakusonyeze potsekera kulira kwa gulu, kuti usiku m'nyumba muzilira nkhululu zokha.

Kwa ahedi usapiteko ndi pempho lako lija. Teremu ikatha undilemberenso, ndipo ulembe wekha pafoni. Ndikadzaona kalata yopanda cholakwa ngakhale chimodzi, ndidzadziwa kuti walemba ndi mdzukulu, ndipo ndikwera minibasi kubwera ku Kanjedza konko.

Ndine Azakhali ako